Ulendo Wokakwera Sitima Ana Atatsegulira Sukulu

Ine ndine munthu wodana ndi phokoso, ndipo khalidwe limeneli linatsala pang'ono kusandutsa mwana wa alamu anga wamasiye mayi ake ali moyo.

Alamu angawo ndi a Mariyamu, akulu ake a mkazi wanga Halima. Ndiwo anatilandira ku America kuno. Titafika ndi majuzi athu osathandiza kanthu, anatigoneka pabalaza m'kanyumba kawo ku Alexandria, n'kutidyetsa osawerengera mpaka ine nditapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya katundu. Amuna awo anali atawathawa kale, kuwasiya ndi mwana mmodzi, Zainabu, wobadwira konkuno. Ife titasamukira ku Manassas nawonso anatitsatira, n'kupeza nyumba mumsewu wathu womwewo.

Popeza anabwera ife tisanalote n'komwe zokwera ndege, ndinkangoti zawo zonse zili m'malo mwake. Sizinali choncho. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali atatha kalekale, ndipo munthu wotere akangotuluka malire, ngakhale kwa tsiku limodzi, pobwera amamubwezera pakhomo. Ine sindinkadziwa, Halima nayenso ayi. Amalawi kuno timafunsana chilichonse, za lendi, za matenda, ngakhale za m'banja mwa eni, koma za mapepala sitifunsana. Funso limenelo lili ngati kutukwana.

Zinthu zitayamba kundiyendera, ndinaganiza zowathokoza alamu ndi chinthu chooneka. Ndinatsimikiza zowagulira tikiti ya sitima zapamadzi zija zongoyenda ndi anthu okasangalala, yozungulira kuzilumba za Bahamas n'kubwerera padoko lomwelo. Ndipo m'malo mowauza patokha, ndinalengeza pa sadaka ina ku Annandale, anthu atadzaza nyumba. Amayi analuluta, ena n'kumawasisita alamu kumsana kuti apata mlamu wa nzeru. Iwo anamwetulira, koma mbale ya mpunga inali m'manja mwawo anaiika pansi osaitolanso. Akanakana bwanji? Wokana mphatso pagulu amayenera kupereka chifukwa, ndipo chifukwa chawo sichinali choneneka pagulu.

Ntchito yosankha sitima ndi nthawi ndinaigwira ngati ndikulemba mayeso. Ndinadzaza thebulo ndi timabuku tazithunzi. Masitima akuluakulu okhala ndi maiwe ndi zotsetserekapo za ana ndinawakaniratu. Miyezi ya holide yaikulu, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndinaidumpha. Khirisimasi ndinaidumphanso, pamodzi ndi sabata ija ana a kukoleji amapenga nayo dzinja likamatha. Ndinapeza kasitima kakale kokondedwa ndi nkhalamba zopuma pantchito, konyamukira ku Florida mu Seputembala, masukulu a ku Virginia atangotsegulira, mwezi wa Ramadhani usanayambe. Mtengo wake unalinso wotsika, ndipo sindinadzifunse chifukwa chake.

Alamu, munthu wochoka paukwati zoimba zisanatenthe, mwadzidzidzi anasanduka wokonda chigulu.

"Alamu, bwanji tipite pa holide, anthu ali ambiri? Zainabu naye apite nawo."

"Kuti ana a eni azikatiponda zala? Ayi. Ulendo uno ndi woti inu mupume."

"Mukandikweza chimenecho ine sindibwerako, alamu."

"Ndiye bwino! Tikakusiyani kwa asodzi a kumeneko, mwina mpaka mukapeza banja."

Ndinaseka, Halima anaseka, iwonso anaseka. Umu ndi momwe tinkakhalira. Chilamu chathu chinali chotentha, tinkanyozana tsiku lililonse, moti mawu alionse ochokera kwa iwo ine ndinkawalandira ngati nthabwala. Anandiuza zoona m'maso muli gwa, ine n'kuwayankha za asodzi.

Tinanyamuka m'mawa wa Lachisanu, sitima ikunyamuka Loweruka masana. Zainabu anatsala ndi anansi athu a ku Zambia, banja la a Sakala, ndipo ife tinavomera kuwatenga bambo Sakalawo mpaka ku Fayetteville, komwe mwana wawo ndi msilikali. Ndinkafuna kulawira magalimoto asanathithikane, koma alamu anakanitsitsa kukwera basi ya sukulu isanabwere. Tinadikira pakona injini ikulira. Mwanayo anali atalukidwa timizere ting'onoting'ono, tija totha miyezi osamasuka, ntchito yomwe mayi ake anaigwira madzulo onse a dzulo lake. Basi yachikasu itafika anamukumbatira nthawi yaitali mpaka dalaivala analiza hutala.

"Mommy, you're squeezing me," anadandaula mwanayo, n'kudzimasula, n'kukwera.

"Osavutika mutima, tizamusunga monga wathu," anatero akazi a a Sakala.

Alamu anaima pomwepo mpaka basi inakhota, kenako anabwera n'kukhala mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi masutikesi.

Kuchedwa kuja tinakulipira pa msewu waukulu wa 95. Tisanafike ku Fredericksburg magalimoto anangoima. Kutsogolo kunali kutagubuduzika lole, ndipo tinakwawa ngati tili pamaliro, kunja kukutentha chinyontho chokhachokha. Halima anatsegula chigoba cha mandasi. Potembenuka kuti apatsire akumbuyo, anaima kaye.

"Achemwali, ndolo za amayi zili kuti?"

Zinali ndolo zagolide za malemu apongozi anga, zomwe alamu sankazivula ngakhale pogona.

"Ndasiya. Zingagwere m'madzi."

Titadutsa Richmond msewu unatseguka, pakamwa pa a Sakala naponso panatseguka. Bambo amenewo sadziwa kukhala chete. Anayamba ndi mitengo ya mafuta, n'kudzera ndale za kwawo, kenako n'kufika pa nkhani ya mnzawo wina.

"Uja muntu anayenda chabe kuona mapopoma kuja ku malire ya Canada. Bamuuza ati ku side inangu ndiye kuoneka bwino. Awoloka, adya lunch, ajambula zithunzi. Pobwela, bamufunsa mapepala. Mpaka lelo ali ku Lusaka. Motoka yake inaolela pa car park, bana bake bakulila kuno."

"Nayenso kupusa," ndinatero ine. "Munthu ukudziwa kuti zako sizili bwino, ukukatani kumalire?"

Ndinayang'ana pagalasi kuti ndione ngati alamu aponyapo yawo, chifukwa nkhani zotere sankazisiya zidutse. Anali atatsamira pazenera, akuwerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera, milomo ikugwedera popanda mawu. Ndinaganiza kuti galimoto yawazunguza mutu.

A Sakala tinawatsitsa pamalo omwetsera mafuta ku Fayetteville. Wogulitsa m'sitolomo atamva kuti tikupita ku Florida anatiyang'ana modabwa, n'kutilozera kanema yemwe anali pamwamba pa mafiriji. Pamapu panali chinthu choyera chozungulira ngati ufa wotakasidwa m'madzi, chikuyandikira zilumba zomwe ife tinkapitako. Apa m'pomwe ndinadziwa chifukwa chake matikiti a Seputembala amatsika mtengo. Ana amakhala ali kusukulu, inde, koma ndi nyengonso ya anamondwe.

Kuyambira pamenepo wailesi sinazimitsidwe. A Sakala atachoka m'galimoto munangoti zii, mawu okhawo anali a owulutsa zanyengo. Ena ankati namondweyo afika kumtunda, ena ankati akhotera kunyanja. Mbali inayo ya msewu, yopita kumpoto, magalimoto anayamba kuchuluka, ena atamanga matiresi padenga, ena akukoka maboti. Mbali yathu tinatsala ife ndi malole ochepa. Sizinandisangalatse kuona kuti aliyense akuthawa komwe ine ndikuthamangira.

"Kwezani wailesiyo, alamu," anatero a Mariyamu. Anali mawu awo oyamba chichokereni ku Virginia.

"Musaope, ikhota mphepo imeneyi. Ndalipira ine, siingandichite chipongwe."

"Ikapanda kukhota, sitima siinyamuka eti?"

"Siinyamuka."

"Oho," anatero, n'kubwerera ku tasibihi yawo.

Tili pakati pa nkhalango za paini ku South Carolina, dzuwa litapendeka, tayala lakumbuyo linaphulika. Galimoto inavina, Halima anakuwa, ine ndinalimbana nayo mpaka kuiimika m'mphepete. Sipeya inali pansi pa katundu yense, ndiye tinatsitsa masutikesi, chigoba cha nkhuku ndi mpunga, ndi mikeka yoswalira, zonse n'kuziunjika paudzu. Jeke inali yadzimbiri. Ndili chigwadire, thukuta likulowa m'maso, ndinaona kuwala kwa buluu kukuthwanima pachitseko cha galimoto. Wapolisi anali ataima kumbuyo kwathu.

Anali mzungu wamtali, wachipewa chachikulu, woyenda mosafulumira. Anapempha laisensi yanga, n'kuiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe ndinkafunira. Zaka zimenezo dzina ngati langa, Abudu, linkachedwetsa munthu paliponse. Anayang'ana mikeka ija, n'kuyang'ana Halima, kenako anasuzumira m'galimoto momwe alamu anali atatsalira. Anawapatsa moni. Iwo anangozyolika. Anawapatsanso, n'kufunsa ngati ali bwino.

"Atopa ndi ulendo," ndinayankha ine m'Chingerezi. "Tikupita kukakwera sitima. Akuopa madzi."

Wapolisiyo anaseka, n'kunena kuti sabata imeneyo ngakhale iye akanaopa. Anabweza laisensi, anatenga jeke yake yabwino n'kundithandiza mpaka tayala linalowa. Anali munthu wachifundo ndithu. Koma atapita, ndinapeza chingwe cha tasibihi chitaduka, mikanda ili mbwee pansi pa mipando, alamu akuitola umodziumodzi.

"Alamu, wapolisi yekhayo mpaka kudula tasibihi? Munaba chiyani ku Alexandria?"

Anapitiriza kutola mikanda yawo. Aka kanali koyamba chidziwireni ine kuti nthabwala yanga igwe pansi osatoledwa. Ndinadziuza kuti angotopa ndi ulendo.

Tinagona pa kanyumba ka alendo kotchipa kufupi ndi Savannah. Mwini wake anali akukhoma matabwa m'mazenera, ndipo anatiuza kuti zikavuta atidzutsa. Mpweya unali wolemera, kopanda ngakhale kamphepo, mbalame osamveka. Titaswali, tinadya nkhuku yathu yozizira titazungulira kanema. Alamu anakokera mpando pafupi kwambiri, maso ali pa chinthu chozungulira chija. Ankati chikasunthira kumtunda iwo n'kuweramira kutsogolo. Halima anapempha kuti tipemphere kuti namondwe apatuke, ndipo tinakweza manja tonse atatu. Lero ndimadziwa kuti m'chipinda chimenecho munakwera mapemphero awiri otsutsana.

Kutacha, langa ndi lomwe linayankhidwa. Namondwe anali atakhotera kunyanja yaikulu, ndipo nditaimba foni kudoko anandiuza kuti sitima inyamuka monga mwa nthawi yake. Ndinaomba m'manja, ndinavina ndi kapu ya tiyi m'dzanja. Alamu analowa kubafa n'kutsegula mpopi, ndipo madzi anathika nthawi yaitali. Potuluka anali atavala diresi yawo yabwino ndi duku watsopano, maso ali psuu.

"Tiyeni," anatero.

Za Georgia ndi Florida ndilibe zambiri zonena. Madambo, milatho, zikwangwani za malalanje, ndi anthu akuchotsa matabwa m'mazenera. Titadutsa Jacksonville alamu anapempha foni yanga kuti alankhule ndi Zainabu. Ndinamva akumuuza kuti azimvera akazi a a Sakala, azimwa mkaka, asamagone tsitsi lili losamanga. Kenako anati, "Anti ako a Halima ndi mayi akonso, wamva?" Halima anatembenuka n'kuwayang'ana.

Sitimayo tinaionera patali, yoyera, yaitali ngati nyumba zosanja za ku Alexandria. Ngakhale inali yaing'ono pa zinzake, ine ndinachita nayo mantha. Tisanazimitse n'komwe injini, onyamula katundu anali atatola masutikesi athu, kuwamata mapepala, n'kuwaponya m'ngolo yomwe inalowa nawo kuseri. Tinakasiya galimoto n'kulowa m'holo yokwerera.

Zomwe ndinkafuna ndinazipeza. Holo yaikulu ngati bwalo la mpira inali pafupifupi yopanda anthu. Panalibe mwana ngakhale mmodzi. Kunali nkhalamba zachizungu zokhazokha, zina pa njinga za olumala, zikulankhula monong'ona. Zingwe zokhotakhota zomwe amaikira chigulu cha pa holide zinali zopanda ntchito, ndipo mzere unkayenda msanga kwambiri. Pafupi ndi khomo lolowera kusitima panaima apolisi a zamalire awiri ndi galu. Analibe chochita, choncho ankayang'ana aliyense wodutsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuda m'holo monsemo tinali ife atatu.

"Mwaona, alamu?" ndinatero monyada. "Pa holide bwenzi tili panja padzuwa. Bweretsani pasipoti."

Kutsogolo kwathu kunatsala banja limodzi. Ndinatambasula dzanja osatembenuka, koma m'dzanjamo simunagwe kanthu. Nditacheuka sindinawaone pomwe anaima. Anali pansi. Mayi wamkulu, atavala diresi yake yabwino, anali atagwada pa simenti ya eni, manja ali pamodzi, ngati mkamwini wolakwa pabwalo la milandu.

"Bambo a kunyumba kwa mng'ono wanga," anatero motsitsa mawu. Sanati alamu. "Ndikhululukireni. Mphatso yanu ndailandira ndi manja awiri, ndipo ndayesetsa kuti ndifike nayo mpaka kumapeto. Koma miyendo yakana. Mapepala anga anatha Zainabu asanabadwe. Ndikalowa pakhomo ilo, mwana wanga sindidzamuonanso."

Nkhalamba zinatembenuka. Mayi wa pa kauntala anali akutikodola kuti tifike, ndipo mmodzi wa apolisi aja anasiya kucheza ndi mnzake n'kuyamba kuyenda molunjika kwa ife, galu ali pambali. Sindinayambe ndamvapo mantha otero. Halima ndiye anaganiza msanga. Anagwada naye pansi, n'kuwagwira achemwali ake pamphumi, n'kuyamba kuwakupiza ndi matikiti aja.

Wapolisi anafunsa chomwe chachitika. Ndinamuuza kuti mayiwa adwala mwadzidzidzi, shuga wawo watsika. Anafunsa ngati aitane ambulansi. Ndinati ayi, mankhwala ali m'galimoto. Anawayang'ana alamu, n'kuyang'ana kabuku kobiriwira ka matikiti m'manja mwa Halima, kenako anayang'ana ine. Galu ananunkhiza nsapato zanga. Pamapeto pake anangoti tifulumire, chifukwa sitima siidikira munthu.

Tinawadzutsa n'kuyamba kuyenda, mmodzi mbali iyi wina mbali inayo. Holo yopanda anthu ija inatalika. Nsapato zathu zinkamveka mbali zonse, ndipo ndinkangodikira kuti wina aitane kumbuyo. Ndikanapereka chilichonse kuti pakhale ana mazanamazana akuthamanga ndi kukuwa, oti tisowere pakati pawo. Palibe anaitana.

M'galimoto ndinapsa mtima, sindinama. Ndinamenya chiwongolero.

"Miyezi yonseyi osanena! Mpaka tafika ku Florida!"

"Ndinanena, alamu. Munati mukandisiya kwa asodzi."

Ndinaweramitsa mutu pachiwongolero. Kenako Halima anafunsa akulira chomwe achemwali ake ankafunira ulendo wa pa holide. Anayankha kuti anamva kwa amayi ena kuti sitima ikadzaza mabanja, apolisi amatopa n'kumangokodola anthu kuti adutse. Kaya n'zoona kaya ndi nkhambakamwa, iwo sankadziwa. "Komanso Zainabu akanakhala nane," anatero. "Akanandibweza, akanatibweza tonse."

Anatichonderera kuti ife tikwere, iwo abwerera pa basi. Halima anangomanga lamba. Ndinaliza galimoto. Tikukwera mlatho wotulukira padoko, sitima inaliza lipenga lake kumbuyo kwathu, itanyamula masutikesi athu atatu kupita nawo kokasangalala. Anadzatipeza patapita milungu, akununkha chinyontho.

Pobwerera msewu wopita kumpoto unali wodzaza ndi anthu, ndipo kwa nthawi yoyamba chigulu sichinandinyanse. Sipeya sindinkaikhulupirira, masitolo a matayala anali otseka Lamulungu, choncho tinayenda pang'onopang'ono, kugona panjira, n'kudzalowa mu Manassas Lolemba masana, titavala zovala zomwe zija. Alamu anapempha kuti tisapite kunyumba, tiime pakona paja. Tinadikira mpaka basi yachikasu inatulukira.

Zainabu anatsika akukoka chikwama chake. Atawaona mayi ake anaima, osathamanga, nkhope ili yodabwa. Mwana ameneyu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo, kaya chifukwa chiyani, anayesetsa cha kwathu.

"Mommy, mwabwera? Koma munanena..."

Anapisa dzanja m'khosi mwa diresi yake n'kutulutsa kachingwe. Kumapeto kwake kunali kathumba kansalu kosokedwa pamanja. Anakamasula ndi mano, ndipo m'kadzanja kake munagwera ndolo ziwiri zagolide.

"Munati ndisunge mpaka ndikule, ndizikukumbukirani. Ndiye ndibweze?"

Halima anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana timizere ta tsitsi tija, totha miyezi osamasuka, n'kutsamira galimoto. Alamu anachoka pakona pano Lachisanu lija atatsanzika kale, ine ndikuliza injini kuti afulumire.

Anagwada pamsewu, n'kupinda tizala ta mwanayo pa ndolo zija.

"Sunga, mwanangu," anatero. "Koma pozivala ndidzakuveka ndine."